Kuchoka pa Benchi Kufika Pakati pa Otchinga: Njira ya Linebacker pa Koleji ku America

Mu mpira wa ku America, uja wa zipewa zolimba ndi mpira wosongoka uku ndi uku, linebacker ndi wosewera amene amaima kumbuyo pang'ono kwa mzere wa anthu akuluakulu otchinga kutsogolo, mayadi anayi kapena asanu kuchokera pomwe pali mpira. Pa TV mumamuona akugwetsa munthu, anthu n'kukuwa. Koma pofika nthawi yogwetsayo ntchito yake yaikulu amakhala atamaliza kale: anaona komwe mpira ukupita anzake asanaone, n'kuponya phazi loyamba kolondola.

Malangizo awa ndi a mnyamata amene akufuna kuyenda njira imeneyi, ndipo makolo muzimvera limodzi, makamaka inu a ku Texas, ku Indiana ndi kwina, amene mwana wakubweretserani fomu yoti musaine pomwe mpira umene munakula nawo ndi wamiyendo. Nditchula kawirikawiri Luke Kuechly, amene anasewera ku Boston College kuyambira 2009 mpaka 2011, chifukwa njira yake ikuonetsa bwino chimene chimamanga wosewera wa pamalo amenewa.

Yambani ndi kudziwa ntchito imene mukufunsira

Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo ikakanika mpira umapita kwa anzawo. Otchinga amagawika patatu: akutsogolo olimbana ndi mzere wa adani, akumbuyo kwenikweni othamanga ndi olandira mpira wa m'mwamba, ndi apakati, omwe ndi ma linebacker. Wapakatiyu amagwira ntchito za mbali zonse ziwiri. Mpira ukaperekedwa kwa running back, wa adani amene amathamanga nawo m'manja, linebacker atseke mpata n'kumugwetsa. Quarterback, amene ndiye woponya mpira wa adani, akafuna kuponya, linebacker abwerere m'mbuyo kukatseka dera lake kapena kukakamira tight end, wolandira mpira amene amaima kumapeto kwa mzere wa adani. Nthawi zina kochi amamutuma kuti athamangire quarterback yemweyo, chimene amati blitz.

Makochi ali ndi mayina atatu amene muziwamva tsiku lililonse. Mike ndi wa pakati penipeni, ndiye amauza anzake mmene aimire. Sam amaima mbali imene kuli tight end, kumene kumachuluka anthu okankha. Will amaima mbali inayo, ndipo kawirikawiri ndi waliwiro kuposa anzakewo. Pa mzere wa adani, center amaima pakati, pambali pake guard, kenako tackle, uku ndi uku. Mipata ya pakati pawo ili ndi zilembo: A ndi pakati pa center ndi guard, B pakati pa guard ndi tackle, C kunja kwa tackle. Lowezani zimenezi musanavale n'chipewa chomwe, chifukwa chilichonse chimene kochi adzakuuzeni chidzayambira pa funso lakuti mpata wanu ndi uti.

Dziwaninso kuti matimu ambiri masiku ano amasewera ndi ma linebacker awiri okha nthawi yaitali ya gemu, wachitatu n'kulowedwa m'malo ndi wosewera wopepuka wakumbuyo, poti adani amamwaza olandira mpira bwalo lonse. Linebacker wongodziwa kugunda kutsogolo, wosatha kubwerera m'mbuyo, amatulutsidwa pa mpata wachitatu mwa inayi ija yosunthira mayadi 10, pomwe gemu imapindidwira.

Ku sekondale: sewerani paliponse, jambulani, ndipo musataye kalasi

Musakakamire malo amodzi muli ndi zaka 15. Kuechly, ku St. Xavier High School ku Cincinnati, anaseweranso kumbuyo ngati safety, ndipo ankasewera lacrosse. Kuima patali kumaphunzitsa munthu kuona bwalo lonse, ndipo masewera othamanga mokhotakhota amamasula chiuno. Basketball, rugby, wrestling, ngakhale mpira wamiyendo womwewo, zonse zili ndi chimene zimakusiyirani.

Chachiwiri ndi vidiyo. Makochi a m'makoleji amaonera anyamata ambirimbiri, ndipo ambiri amayamba kuwaona pa Hudl, tsamba la pa intaneti loikapo mavidiyo a osewera. Konzani vidiyo yaifupi, mphindi zitatu kapena zinayi, yabwino koposa ikhale koyambirira. Musadzaze ndi zogunda zokhazokha. Ikanimo pomwe mwatsatira running back potuluka kukalandira mpira, pomwe mwakankha guard n'kumuchoka, pomwe mwathamangitsa munthu kuchokera tsidya lina la bwalo osataya mtima. Kochi wodziwa ntchito amayang'ana masitepe anu awiri oyamba kuposa phokoso la kumapeto.

Masamba a pa intaneti monga Rivals ndi 247Sports amapatsa anyamata nyenyezi, zisanu kwa amene akuoneka apamwamba. Zisakudwalitseni mutu. Kuechly anali ndi zitatu. Khalil Mack anayamba mpirawu mochedwa ku sekondale, makoleji otchuka sanamuyang'ane n'komwe, anapita ku Buffalo, ndipo mu 2014 anasankhidwa wachisanu mu draft yonse ya NFL, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya akatswiri amasankhira osewera ochokera ku makoleji.

Chimene chimagwetsa anyamata ambiri ndi mapepala. Kuti musewere mu Division I, gulu lapamwamba la makoleji, bungwe la NCAA loyendetsa masewera a m'makoleji limafuna kuti mumalize maphunziro 16 amene iwo amawavomereza, monga Chingerezi, masamu ndi sayansi, ndipo GPA yanu, avareji ya magiredi anu pa maphunziro amenewo, isatsike pa 2.3. Lembetsani ku NCAA Eligibility Center mudakali ndi zaka ziwiri za sekondale, osadikira chaka chomaliza. Makolo, ngati mwana anayamba sekondale kumudzi, ku Malawi kapena ku Zambia, mapepala a kumeneko amafunikanso, ndipo kuwaitanitsa kumatenga nthawi, yambani msanga. Amene muli ku Britain, kuli NFL Academy ku Loughborough, imene imatenga anyamata a zaka 16 mpaka 19 ndipo yatumizako kale ena ku makoleji a ku America. Kubadwira kutali sikuletsa: Stansly Maponga anabadwira ku Harare, anasewera ku yunivesite ya TCU ku Texas, ndipo timu ya NFL ya Atlanta Falcons inamusankha mu 2013.

Kusankha koleji

Makoleji ali m'magulu. Pamwamba pali FBS, kenako FCS, magulu awiri a mu Division I, kenako Division II, ndi Division III kumene sapereka sikolashipu ya masewera. Palinso ma junior college a zaka ziwiri, kumene amapita anyamata ofuna kukonza magiredi kapena kudzionetsanso.

Akakuitanani kukaona sukulu, adzakuonetsani jimu yonyezimira ndi kukujambulani mutavala yunifomu. Jambulitsani, palibe vuto, koma funsani mafunso awa. Ma linebacker amene ali patsogolo panga ndi angati, ndipo atsala ndi zaka zingati? Kochi wa ma linebacker wakhala pano nthawi yaitali bwanji? Mukundiona ngati Mike, Will kapena Sam? Mwa anyamata amene munawatenga zaka zinayi zapitazo, ndi angati anamaliza digiri? Kochi amene akuzemba funso lomalizali wakuyankhani kale. Kwa ine, sukulu yapakatikati kumene mudzalowe m'bwalo chaka chachiwiri imaposa sukulu yotchuka kumene mudzatenthetse benchi zaka zinayi, chifukwa maso a linebacker amakula ndi magemu enieni.

Chaka choyamba

Musanayambe zolimbitsa thupi adzakuyezani, ndipo pali kuyeza kumodzi kumene ife a ku Africa tisakuchepetse: sickle cell trait. Munthu akhoza kukhala nayo osadwala moyo wake wonse, koma akathamangitsidwa mopitirira muyeso padzuwa, magazi amatha kumuvuta mwadzidzidzi, ndipo osewera ena a pakoleji anafa nazo. N'chifukwa chake kuyambira 2010 NCAA inaika lamulo la kuyeza kumeneku mu Division I. Akakupezani nayo simuletsedwa kusewera. Auzeni ophunzitsa anu onse, muzimwa madzi, ndipo miyendo ikayamba kufooka modabwitsa muziima pomwepo osachita manyazi.

Kenako pamabwera nkhani ya redshirt. Lamulo lakhala lakuti wosewera ali ndi zaka zisanu zoti aseweremo nyengo zinayi, choncho chaka chimodzi akhoza kungophunzira ndi timu osachiwerengera. Kuyambira 2018 analola kuti munthu asewere magemu osapitirira anayi chaka chimenecho n'kukhalabe wosachitaya. Malamulo a NCAA akusinthasintha zaka zino, choncho funsani ofesi ya pasukulu yoona za malamulowa musanavomere kulowa gemu yachisanu.

Wa redshirt amakhala mu scout team, kagulu kamene ntchito yake ndi kutsanzira adani a sabata imeneyo kuti oyambira akonzekere. Kochi amakweza kakhadi kojambulidwa mmene muimire, inu n'kuchita zomwezo, n'kumagundidwa ndi anyamata okuposani zaka zinayi. N'zowawa, palibe amene amakuombera m'manja, ndipo ambiri amagonera pamenepa. Koma taganizani: tsiku lililonse mukulimbana ndi mzere wabwino koposa wa sukulu yanu. Jeremiah Owusu-Koramoah, amene bambo ake anachokera ku Ghana, anathera chaka chake choyamba ku Notre Dame mu scout team, chachiwiri anathyoka phazi, anayamba kusewera zenizeni mu 2019, ndipo mu 2020 anapata Butkus Award, mphoto ya linebacker wopambana onse m'makoleji.

Kuechly njira yake inali ina. Atafika ku Boston College mu 2009, Mark Herzlich, amene chaka chapitacho anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu ACC, ligi imene sukuluyo imaseweramo, anapezeka ndi khansa ya m'mafupa yotchedwa Ewing's sarcoma, ndipo linebacker wina wodalirika, Mike McLaughlin, anali atavulala mtsempha wa kuchidendene. Mnyamata wa zaka 18 anangozindikira ali m'bwalo, ndipo chaka chimenecho anagwetsa anthu ka 158. Chomwe mungatolepo n'chakuti khomo limatseguka popanda chenjezo. Buku la masewero a timu liloweni m'mutu kuyambira sabata yoyamba ngati Loweruka likudzali muyambira ndinu, ngakhale dzina lanu lili lachinayi pa mndandanda.

Pemphani malo pa special teams

Awa ndi magulu olowa pomenya mpira ndi phazi: kickoff, punt ndi zina. Ma linebacker ndiwo amafunika kwambiri kumeneko poti ali ndi thupi ndi liwiro lomwe. Musadikire kuitanidwa, pitani nokha kwa kochi wake mukapemphe. Clay Matthews analowa ku yunivesite ya USC ku California mu 2004 wopanda sikolashipu, anatha zaka akuthamanga pa special teams, anayamba kuyambira magemu chaka chake chomaliza, ndipo Green Bay Packers inamusankha wa nambala 26 mu 2009. Ngakhale ku NFL, linebacker wachinyamata amene sadziwa special teams sachedwa kuonetsedwa msana wa njira.

Phunzitsani maso anu

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo apa mpomwe nthawi yanu yambiri ipite.

Wosewera watsopano amayang'ana mpira. Adani amadziwa zimenezo, choncho amanamizira kupereka mpira kwa running back, linebacker n'kuthamangira kutsogolo, mpira n'kudutsa pamwamba pake kukagwera pamalo pomwe wachoka. Mankhwala ake ndi kuchotsa maso pa mpira n'kuwaika pa ma guard, chifukwa iwo amakakamizika kupita kumene ntchito ili. Mpira ukangochoka pansi, onani chipewa cha guard amene ali patsogolo panu. Chikakhala chotsika ndipo iye akubwera kwa inu, akuthamanga nawo mpirawo. Tsikani mutseke mpata wanu. Chikadzuka ndipo iye akubwerera m'mbuyo manja ali patsogolo, akuponya. Tembenuzani chiuno mupite kudera lanu. Akachoka pamalo pake n'kuthamanga cham'mbali kumbuyo kwa anzake, chimene amati pull, kuwani kuti anzanu amve ndipo mutsateni, poti kawirikawiri mpira umapita kumene iye akupita. Akakankhira mkati kukathandiza mnzake, yembekezani wina akubwera kudzakugundani kuchokera mbali, ndipo mukumane naye pa mzere osati kumudikira.

Mukazolowera, maso aziona ma guard awiri ndi running back nthawi imodzi. Makochi amati kuwerenga makona atatu. Sizibwera mwezi umodzi.

Mapazi amatsatira maso. Imani miyendo yotalikirana ngati mapewa, mawondo opinda, kulemera kuli kutsogolo kwa mapazi, manja omasuka. Sitepe yoyamba ikhale yaifupi. Vuto lofala ndi kuponya phazi m'mbuyo musanapite kutsogolo, kapena kudumpha pamalo omwewo. Kameneko n'kanthawi kochepa kwambiri, koma n'kokwanira kuti guard wa makilogalamu 140 akupezeni. Ikani foni pambali, ijambule mapazi okha pamene mnzanu akutsanzira guard, ndipo muwerenge kangati mwaponya sitepe yabodza. Mudzadabwa.

Mbali ina ya maso imaphunziridwa mutakhala pampando. Kuechly anatchuka chifukwa cha maola amene ankathera pa mavidiyo a adani, mpaka ku NFL ankamveka akutchula sewero la adani mpira usanachoke pansi. Inunso chitani motere. Lamlungu onerani gemu yanu, ndipo muyambe ndi masewero amene munalakwitsa. Pa lililonse lembani chimene maso anu anaona choyamba. Lolemba ndi Lachiwiri onerani adani a sabata imeneyo, koma osati ngati wosangalala ndi gemu. Sanjani masewero awo potengera mmene aimira: akaika tight end kumanja ndi running back kumanzere kwa quarterback, amachita chiyani kawirikawiri? Kenako sanjani potengera mpata ndi mtunda: pa mpata wachitatu atatsala ndi mayadi awiri amakonda chiyani, nanga atatsala ndi asanu ndi atatu? Pomaliza fufuzani zizolowezi za munthu payekha. Pali guard amene akafuna kuchita pull amatsamira pang'ono kumbuyo, dzanja lake n'kungokhudza udzu. Akafuna kukankha kutsogolo zala zimakanikiza pansi mpaka kuyera. Pali running back amene amasuzumira kumene akupita asanaime. Pali tackle amene amabweza phazi lakunja m'mbuyo kwambiri pakakhala kuponya. Tinthu timeneti lembani m'kabuku, ndipo Lachisanu mutsale ndi zinthu zitatu kapena zinayi zokha zoti mulowe nazo m'bwalo, chifukwa mutu wodzaza umachedwetsa miyendo. Linebacker wakhwima amakhala ngati katswiri wa bawo, amene amawerengeratu maenje asanatole n'komwe.

Pa nyengo ya magemu NCAA imaletsa makochi kukugwiritsani ntchito kupitirira maola 20 pa sabata. Vidiyo imene mukuonera mwa kufuna kwanu siili m'gulu limenelo, ndipo kusiyana kwa osewera kumabadwira kumeneko. Onani manambala a Kuechly: 158 chaka choyamba, 183 chachiwiri, 191 chachitatu m'magemu 12 okha, pafupifupi 16 pa gemu, zonse pamodzi 532. Sanali wamkulu kapena waliwiro kuposa ma linebacker onse a nthawi yake. Ankangofika msanga.

Kugwetsa, ndi kusamala mutu

Pofika pa munthu wa mpira, fupikitsani masitepe, tsitsani chiuno, maso akhale pa ntchafu kapena m'chiuno mwake poti mapewa ndi mutu amanamiza. Gundani ndi phewa, mutu wanu upite pambali pa thupi lake, manja amukulunge miyendo, ndipo mapazi anu asaime mpaka atagwa. Makochi ambiri tsopano amaphunzitsa kagwetsedwe kotengera ku rugby pa chifukwa chomwechi chochotsa mutu pangozi. Dziwaninso kumene kuli thandizo lanu: ngati mnzanu ali mkati, inu tsekani kunja kuti wa mpirayo abwerere kwa iye.

Musaweramitse mutu n'kugunda ndi pamwamba pa chipewa. Kumeneko n'kumene anthu amathyokera khosi. Ndiponso kuyambira 2013, wopezeka ndi mlandu umenewu, wotchedwa targeting, mu mpira wa pakoleji amatulutsidwa m'gemu.

Kugwedezeka kwa ubongo ndi gawo la masewerawa limene makolo muyenera kulidziwa musanasaine. Kuechly yemweyo, ndi luso lake lonse, anavulala motere kangapo ku NFL, ndipo anasiya mpira mu Januwale 2020 ali ndi zaka 28, akadali mmodzi wa opambana. Mukagundidwa n'kumva chizungulire, mutu, nseru, kuwala kukulasani m'maso, kapena mwaiwala sewero limene langoitanidwa kumene, uzani a zachipatala nthawi yomweyo. Anyamata amabisa poopa kulandidwa malo. Kugundidwanso ubongo usanachire ndi koopsa kuposa kugundidwa koyamba, ndipo malo pa timu amabwerera.

Thupi

Ma linebacker ambiri a m'makoleji akuluakulu amalemera pakati pa makilogalamu 100 ndi 110. Mnyamata wochokera ku sekondale amafika wopepukirapo, ndipo jimu ya pasukulu imamuwonjezera m'miyezi ya Januwale mpaka Julayi: squat, power clean, bench press, zolimbitsa khosi, ndi kuthamanga. Onjezani pang'onopang'ono, ndipo mukaona kuti liwiro layamba kutsika, mwapitirira. Gonani mokwanira. Musamwe ufa kapena mapiritsi olimbitsa thupi ogula nokha musanaonetse a zachipatala a timu, chifukwa NCAA imayeza, ndipo kunena kuti simunadziwe sikukupulumutsani. Masiku 15 a spring practice, zoyeserera za timu nyengo ya magemu isanafike, ndi pomwe makochi amasanjanso mndandanda. Fikani pamenepo muli okonzeka.

Chaka chachitatu: tsegulani pakamwa

Mukayamba kuyambira magemu, ntchito imakula. Simukuyankhanso za mpata wanu wokha. Pali masekondi 40 pakati pa sewero ndi linzake, ndipo m'kanthawi kameneko Mike alandire chimene kochi waitana, auze anzake khumi, aone mbali imene adani alemera, asunthe akutsogolo, ndipo adani akasuntha munthu asinthenso zonse. Kuyambira 2024 matimu a FBS amaloledwa kukhala ndi wosewera mmodzi m'bwalo wokhala ndi wailesi m'chipewa, chimene chimadziwika ndi kadontho kobiriwira kumbuyo, ndipo kwa otchinga kawirikawiri amakhala linebacker. Wailesiyo imazimitsidwa pakatsala masekondi 15. Zotsalazo mumaona nokha.

Choncho phunzirani ntchito za anthu onse 11, osati yanu yokha. Khalani nawo pa misonkhano ya akumbuyo mukapeza mpata. Zolowerani kukuwa pa zoyeserera, ngakhale mwachibadwa muli ofatsa. Ana athu ambiri analeredwa kuti wamng'ono salamula wamkulu, ndipo ndi khalidwe labwino, koma m'bwalo la anthu 80,000 mnzanu wa chaka chomaliza amafuna kumva mawu anu, ndipo kuitana molakwika mokweza kumaposa kuitana molondola chamumtima, poti onse amalakwira limodzi n'kutsekabe mipata.

Nthawi yomweyi mpomwe mayesero awiri amabwera. Loyamba ndi transfer portal, imene inayamba mu 2018, kumene wosewera amalembetsa kuti akufuna kusamukira kusukulu ina. Ili ndi ntchito yake: kochi amene anakutengani akachoka, kapena mwatha zaka zitatu khomo silikutseguka, samukani. Koma musalowemo chifukwa chokwiya ndi gemu imodzi. Ambiri amalowa osapeza kolowera, malo akale atapita, ndipo linebacker wosamuka amayambanso kuphunzira chinenero chatsopano cha timu. Funsaninso ngati maphunziro amene mwamaliza adzawerengedwa kumene mukupitako. Lachiwiri ndi ndalama. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama ndi dzina ndi chithunzi chawo, zimene amati NIL, ndipo kuyambira 2025 sukulu zimatha kuwalipira mwachindunji. Musasaine pepala lililonse popanda munthu wodziwa malamulo kuliwerenga, sungani ya msonkho, ndipo ngati muli pa viza ya ophunzira ya F-1 funsani kaye ofesi ya ophunzira akunja, chifukwa viza imeneyo ili ndi malire pa nkhani yogwira ntchito.

Kutuluka

Munthu amaloledwa kulowa draft ya NFL pakatha zaka zitatu chimalizireni sekondale. Kuechly anatuluka pomwepo, atapata Butkus Award, Lombardi Award ndi Bronko Nagurski Trophy mu 2011, chaka chimene timu yake inapambana magemu anayi okha mwa 12. Ma scout, anthu a matimu a NFL ofufuza osewera, amaonera munthu, osati zigoli za timu yake, choncho kusewera pa timu yogonja sikukubisani. Carolina Panthers inamusankha wa nambala 9 mu 2012.

Oitanidwa amapita ku NFL Combine ku Indianapolis, kumene amathamanga mayadi 40, kunyamula mapaundi 225, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 102, kangapo mmene angathere, kudumpha, kuyezedwa ndi madokotala, ndi kufunsidwa mafunso. Anthu ankakayikira liwiro la Kuechly mpaka atathamanga masekondi 4.58. Pa zofunsana, matimu amakonda kukupatsani cholembera kuti mujambule chitetezo cha kusukulu kwanu pa bolodi n'kufotokoza ntchito ya aliyense, kapena kukuonetsani sewero limene munalakwitsa kuti aone ngati muloze mnzanu chala. Kabuku kanu ka mavidiyo kaja kamabweza ngongole pamenepa. Wosaitanidwa ku Combine ali ndi pro day, tsiku limene ma scout amabwera kusukulu kwake.

Draft ili ndi zigawo 7 ndipo matimu ndi 32. Mwa osewera 100 a pakoleji ofika msinkhu wosankhidwa, amene amasankhidwa sakwana awiri. Choncho musanalengeze kuti mukutuluka chaka chisanathe, pemphani sukulu ikufunsireni ku komiti ya NFL imene imauza osewera pomwe angasankhidwe. Akakuuzani kuti bwererani kusukulu, bwererani. Tengani makalasi a m'chilimwe kuyambira chaka choyamba, poti mumakhala muli pasukulu pomwepo kale chifukwa cha jimu, ndipo wa redshirt amene wachita zimenezi amamaliza digiri akadali ndi nyengo imodzi yosewera, imene angayambire digiri yachiwiri sikolashipu ikulipira. Draft ikatha dzina lanu osamveka, musazimitse foni: matimu amaimbira osasankhidwa madzulo omwewo, ndipo apa mumasankha ndinu. Inu ndi agent wanu mukhale mutalemberatu matimu amene ali ndi ma linebacker ochepa komanso ofuna anthu pa special teams, kuti pakaimba awiri nthawi imodzi muyankhe mwachangu.